Lachinayi Lomwe Silinalembedwe

Bambo anga si munthu wokuwa. Akakwiya amatsitsa mawu, mpaka umachita kusendera pafupi kuti umve bwino mmene akukukalipira. Ndiye m'mawa wa Lachisanu uja, nditamva akuitana mayi ndi mawu omveka mpaka kumsewu, ndinaponya mswachi m'sinki n'kuthamanga thovu lili kukamwa.

Ndinawapeza ataima pakhomo la chipinda cha mazira, kuseri kwa nyumba. Bambo amagulitsa anapiye, ndipo m'chipinda chimenecho muli makina atatu ofungatira mazira amene anandiphunzitsa sukulu, kundiveka ndi kundidyetsa. Masiku onse ukatsegula chitseko chake umalandiridwa ndi mpweya wofunda ndi kaphokoso ka mafani. Tsiku limenelo munali zii, mozizira ngati m'bafa.

"Gwira," anatero bambo, akundipatsa dzira.

Linali lozizira. Pamwamba pake panali kabowo, ndipo m'kabowomo munkaoneka kamlomo ka mwanapiye amene anali atayamba kudzitsegulira njira. Sikankasuntha.

"Onse, bambo?"

"Mathireyi onse. Kunangotsala mawa kuti aswe."

"Nanga foni sinalire?"

"Ikanalira bwenzi ndikukuonetsa mitembo? Dzulo ndinabwera kuulendo nditatopa, ndinayang'ana foni, palibe meseji. Ndinati zonse zili bwino, n'kukagona ngati chitsiru."

Mayi anafika akupukuta manja. Anasuzumira m'chipindamo kamodzi kokha, anagwira m'mutu, n'kukhala pansi pa sitepe. Mayi anga, amene ngakhale kapu ikasweka amalira maliro ake mpaka madzulo, sanatulutse liwu ngakhale limodzi. Ndinawamvera chisoni kwambiri.

Bambo anatembenukira kwa ine, mawu atabwerera pansi pamene amakhala zinthu zikavuta.

"Muimbire wa mawaya wako uja. Umuuze kuti asasambe n'komwe, abwere mmene aliri."

*

Wa mawaya ndi dzina limene bambo anamupatsa. Ine ndinangolifewetsa, ndimamutchula kuti Kawaya.

Pakhoma la chipinda cha mazira pali kakompyuta kakang'ono, kosaposa sopo wosambira, kopanda galasi lowonerapo. Ndiko kamayatsa ndi kuzimitsa zotenthetsera, ndiko kamatumiza meseji pa foni ya bambo kutentha kukasokonekera. Kamalembanso aliyense wolowa, poti chitseko chimatseguka ndi manambala ndipo aliyense m'nyumba mwathu ali ndi nambala yakeyake. Zonsezo kamazisunga pa memore khadi yaing'ono ngati chikhadabo, yofanana ndi ya m'foni.

Vuto linali lakuti khadiyo inkangofa. Miyezi inayi, yafa. Kugula ina, miyezi itatu, yafanso. Amene anatiikira kakompyutako anafika posiya kuyankha foni ya bambo, ndipo sindimuimba mlandu. Kenako mlimi wina anatilozera mnyamata wina wowonda, wa njinga yamoto yolira ngati ili ndi chifuwa.

Tsiku loyamba ndinamupititsira madzi ali pa makwerero, ndipo poti pakamwa panga sipakhala phee, ndinamufunsa ngati nayenso abwera kudzatigulitsa khadi ina.

"Khadi ilibe mlandu, achemwali," anatero osandiyang'ana. "Mukatenga pepala, kulemba ndi pensulo n'kufufuta, kulemba n'kufufuta, malo amodzimodzi, limatani?"

"Limabooka."

"Basi. Kakompyuta aka kakulemba pa khadi sekondi iliyonse. Fani yazungulira, kalemba. Kutentha sikunasinthe, kalembanso kuti sikunasinthe. Usana ndi usiku. Khadi ipirira bwanji?"

"Ndiye kali ngati azakhali anga. Chilichonse chimene aona mpaka anene."

Anaseka mpaka makwerero anagwedera, ndipo apo m'pamene anandiyang'ana. Anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa imene munthu amafunika kuti alandire kapu ya madzi.

Kakompyutako anakaletsa kulemba zopanda pake. Anakaletsa kugwiritsa ntchito khadi ngati pepala lowerengerapo masamu kakapanikizika. Zofunika zokha anakauza kuti kazizisunga m'mutu mwake tsiku lonse, n'kuzilemba pa khadi kamodzi, 6 koloko madzulo. Anakaikiranso batire, lodzera pa chingwe chomwecho cha magetsi, kuti magetsi akathima kasaiwale. Atayesa kuwafotokozera bambo, iwo anamudula: "Ine ndikufuna anapiye, osati sukulu."

Chaka ndi miyezi iwiri, khadi yomweyo. Koma Kawaya sanasiye kubwera sabata iliyonse kudzayiyendera, khadi imene sinkadwala chilichonse. Mayi si mwana, anaona. Iwo maso awo anali kale pa Jekete, mwana wa ogulitsa zakudya za nkhuku, amene amavala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo galimoto yake amaipukuta kuposa mmene amapukutira nkhope. Bambo okha ndi amene ankafewa pang'onopang'ono. Lolemba la sabata imene anapiye anafayo anandiuza, maso ali pa nyuzipepala: "Anapiye awa akaswa, Lamlungu abwere adzadye nafe. Ndimuoneko atakhala pampando, osati pa makwerero."

Ndinavina kubafa tsiku limenelo, madzi akutayika.

*

Kawaya anafika malaya atamanga mabatani mosemphanitsa. Sanandipatse moni. Kunena zoona, kuyambira dzulo lake masana anali asanandiyankhe meseji ngakhale imodzi, koma m'mawa umenewo ndinalibe mtima wofunsa za zimenezo.

Tsoka sasimba, Lachisanu ndi tsiku limene Jekete amabweretsa matumba a chakudya cha nkhuku. Anangoti atsike m'galimoto, anamva nkhani, n'kubwera kudzaima pakhomo ndi nkhope ya pamaliro imene sinkamukhala bwino.

Kawaya anakwera pampando n'kugwira kachingwe ka magetsi kolowa m'kakompyuta. Atangokakankha pang'ono, kanyali kobiriwira kanayaka, mafani anayamba kuzungulira. Phokoso limenelo, limene ndakula nalo, linandiliza.

"Chingwe," anatero bambo. "Anapiye anga onse afera chingwe chosalumikiza bwino."

"Bambo, chingwe ichi sichikanasololoka chokha."

"Ndiye chasololedwa ndi ndani? Masiku atatu omaliza muno simulowa munthu, ngakhale ine mwini wake. Lamulo limenelo aliyense pakhomo pano akulidziwa. Koma si iwe unati kabokosi kako kamalemba aliyense wotsegula chitseko? Tiwerengere. Ngati analowa munthu, ndikupepesa pamaso pa onsewa."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinadziuza kuti basi, choonadi chituluka. Kawaya anazimitsa kakompyutako bwinobwino, anatulutsa khadi, anailowetsa m'laputopu yake. Tonse tinaunjikana kumbuyo kwake, kupatula mayi amene anali adakali pa sitepe. Mizere inayamba kuoneka. Lolemba, bambo alowa, bambo atuluka. Lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu, palibe wolowa, kutentha kuli bwino. Kenako Kawaya anasiya kutsitsa.

"Pitiriza," anatero bambo.

"Zathera pomwepa."

"Lachinayi lili kuti?"

"Palibe."

"Wafufuta."

"Sindinafufute, bambo. Sikanalembe. Kamasunga zonse m'mutu mpaka 6 koloko madzulo. Chingwe chikachoka nthawi imeneyo isanakwane, zonse za tsikulo zimapita."

"Anakauza kuti kazidikira mpaka madzulo ndi ndani?"

Kawaya anatseka maso. "Ndine. Kuti khadi isamafe."

Nzeru yomweyo imene ndinamukondera, imene ndinkainyadira ngati ndinaitulukira ndine, ndi imene inali itameza mboni yake yokhayo.

Bambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Wapulumutsa kakhadi konga chikhadabo, n'kundiphera anapiye chipinda chonse."

Apo Jekete anatsokomola, kutsokomola kwa munthu amene wakhala akudikira mpata wake.

"Sindikufuna kulowerera za eni, bambo. Koma mwina mnzathuyu angatiuze chimene ankachita pageti panu dzulo cha m'ma 2 koloko. Njinga yake sisowa, imamveka isanaoneke."

Ndinatembenuka kuti ndiseke bodza limenelo. Ndinadikira kuti Kawaya akane. Anayang'ana Jekete, anayang'ana ine, ndipo m'maso mwake munali mkwiyo umene sindinauonepo chimudziwireni. Sanakane.

"Nambala ya chitseko ali nayo?" anafunsa Jekete mofatsa.

"Ali nayo," anayankha bambo. "Ndinamupatsa ndine." Anatola dzira limodzi n'kuliika m'dzanja la Kawaya. "Tenga, ukadye kwanu Lamlungu. Kuno usabwere."

*

Tsiku lonse tinakhala tikukwirira mazira kuseri kwa khola. Mayi anati mutu ukuwawa, anakagona. Madzulo ndinadzitsekera kuchipinda ndi foni.

Ndinalemba: "Unabwera kwathu dzulo osandiuza?"

Anawerenga. Sanayankhe.

"Unalowa m'chipinda cha mazira?"

Zii.

"Ndikulankhula ndi iwe kapena ndi khoma?"

Yankho linabwera dzuwa litalowa kale: "Mapanga awiri avumbwitsa. Ufunse amene unali naye."

Ndinawerenga kanayi. Ine? Ine amene Lachinayi lonse ndinali ku saluni, khosi litapindika maola asanu, kulukitsa tsitsi loti iyeyo adzalione Lamlungu? Ndinalemba mawu ena amene sindingawabwereze pano, ndinawafufuta, ndinalembanso oposa amenewo, ndinafufutanso. Ndinangotsala ndi awiri: "Ndikubwera mawa."

*

Kawaya amagwira ntchito m'kachipinda kopapatiza, pakati pa telala ndi wokonza nsapato. M'katimo mumanunkha chitsulo chootcha, ndipo pampando wa alendo nthawi zonse pamakhala wailesi yakufa. Ndinaichotsa ndekha n'kukhala, chikwama chili pamiyendo ngati wobwera kudzamva mlandu.

"Bwereza zimene unalemba zija, ndili pano."

Sanadzutse mutu. Ankapotokola kasikuluwu kamene ndikukhulupirira kuti kanali katamasuka kale.

"Ndinabwera Lachinayi, inde," anatero. "Ndinkadziwa kuti bambo ako ali kuulendo. Ndinafuna ndiwafunse mayi ako kuti munthu wamkulu ngati uja ndingamutengere chiyani Lamlungu, ndisakafike chimanjamanja. Ndinati mwina potero nawonso andiona ngati munthu."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinapeza galimoto ya Jekete ili m'kati mwa mpanda. Osati pageti, m'kati, pamthunzi, ngati ya mwini nyumba. Ndinagogoda katatu, palibe woyankha. Makatani otseka. Bambo ako kulibe. Iwe ukanaganiza chiyani?"

"Ndikanaganiza zoimba foni, ngati munthu wa mutu wake!"

"Ndinaopa kumva ukundinamiza."

Ndinavula mpango kumutu. "Taona. Taona bwinobwino! Ukuganiza kuti zingwe izi zinadziluka zokha ndili m'manja mwa Jekete? Ndinatuluka m'nyumba 10 koloko, ndinabwerera dzuwa litapendeka. Ukafunse ku saluni, akuuza ngakhale nyimbo zimene ndinkaimba. Dzulo unaima pafupi nane ola lathunthu, sunaone n'komwe kuti ndaluka."

Anayang'ana tsitsi langa, ndipo nkhope yake inagwa ngati ya mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Kasikuluwu kanagwera pansi.

"Lakukhala," anatero ndi mawu aang'ono.

"Usandinyengerere."

"Ndalakwa. Usiku wa Lachinayi sindinagone, ndinkangokuona uli ndi iyeyo. Dzulo atanditchula pamaso pa bambo ako, ndikanati ndinene kuti galimoto yake inali m'kati, ndikanakuyalutsa iweyo. Ndinasankha kukhala chete."

Munthu ameneyu! Anali atalolera kutchedwa wakupha anapiye pofuna kubisa tchimo limene sindinachite n'komwe. Ndinafuna kumumenya ndi chikwama, ndinafunanso kumukumbatira. Ndinachita zonse ziwiri, motsatana choncho.

Titakhala pansi, mutu wanga unayamba kugwira ntchito.

"Dikira. Ngati ine kunalibe, bambo kunalibe, Jekete ankatani m'kati mwa mpanda wathu Lachinayi? Tsiku lake ndi Lachisanu."

"Funso limenelo ndi lako, si langa."

"Ndiye ndi iyeyo! Analowa, anazula chingwe, kuti mlandu ugwere iwe."

Kawaya anapukusa mutu. "Ndikanakonda zikanakhala choncho. Koma alibe nambala ya chitseko. Komanso tamvera. Chingwe chija ndinachimangirira kukhoma ndi kawaya, kuti ngakhale munthu achikole ndi tsache chisachoke. Dzulo ndinapeza kawayako katamasulidwa bwinobwino, ndi zala. Ndipo chingwecho sichinatayidwe pansi, chinabwezeredwa, kungoti sichinalowe mpaka kumapeto. Wofuna kupha anapiye sabwezera chingwe. Amene anachita zija sankafuna kuzimitsa makina. Ankafuna kuti kakompyuta kaiwale kuti iyeyo analowa."

"Iwe, ndani angaganize zimenezo?"

"Munthu amene akudziwa kuti kamalemba 6 koloko, ndiponso kuti ukakachotsera magetsi nthawiyo isanakwane kamaiwala. Bambo ako anakana kumva. Jekete sindinalankhulepo naye. Padziko lonse lapansi ndinauza munthu mmodzi." Anandiyang'ana. "Iwe unauzako ndani?"

"Palibe. Ndingauze ndani nkhani za makhadi?"

Mawuwo asanathe n'komwe kutuluka, ndinakumbukira. Mwezi wapitawo, tikupinda zovala ndi mayi kuchipinda, iwo akutamanda galimoto ya Jekete mpaka matayala. Zinandikwana. Ndinawauza kuti galimoto ndi ya bambo ake, koma nzeru za Kawaya ndi zake. Ndinafotokoza zonse, za pepala lobooka, za 6 koloko, za batire. Ndinawonjezera ndi kunyada kuti, "Mukakazula masana, kamaiwala tsiku lonse ngati woledzera." Mayi anangoti, "Oho," akupinda pilo.

Kunja makina a telala ankalira ngati palibe chachitika.

"Watani?" anafunsa Kawaya. "Wakumbukira munthu?"

"Ayi," ndinanama. Linali bodza langa loyamba kwa iye, ndipo linatuluka mosavuta moti ndinadziopa.

*

Mayi ndinawapeza kukhitchini akudula anyezi. Anyezi anali atakwana kale, mbale inali yodzaza, koma ankangodulabe. Bambo anali pabalaza. Ndinatseka chitseko n'kutsamira.

"Mayi, Lachinayi kunabwera alendo?"

Mpeni unaima. "Alendo ati?"

"Galimoto ya Jekete inali m'kati mwa mpanda."

"Wakuuza ndi wa mawaya wakoyo? Munthu akamamira amagwira chilichonse."

"Mayi, ndiyang'aneni."

Sanandiyang'ane. Anaika mpeni pansi, anapukuta manja pa epuloni nthawi yaitali, kenako anakhala pampando. Atayamba kulankhula, mawu awo anali a munthu wina, osati a mayi amene ndimawadziwa.

"Anabweretsa mayi ake. Tinapangana kalekale kuti adzabwere tsiku limene bambo ako kulibe, tidzakambirane za inu awiri."

"Za ife awiri? Ine osadziwa?"

"Ndimafuna ukhale pabwino, mwanangu. Kodi ndi tchimo?" Anapumira m'mwamba. "Mayi uja anangolowa n'kuyamba kuyang'ana makatani anga, mipando yanga, ngati akuyendera chipatala. Akuti kwawo asintha matailosi. Akuti kwawo uku, kwawo uku. Mtima unandipweteka. Ndinati ndimuonetse kuti nafenso tili ndi chathu. Ndinamutengera kuchipinda cha mazira, mwana wake atatsala m'galimoto akumvera nyimbo."

"Munatsegula ndi nambala yanu."

"Ndinangotsegula makina amodzi, pang'ono pokha, kuti amve anapiye akulira m'mazira. Anadabwa, mwanangu. Ukanamuona! Anasowa chonena." Kwa kanthawi nkhope yawo inawala, kenako inazimanso. "Atapita, m'pamene ndinakumbukira kuti kabokosi kaja kalemba nambala yanga. Bambo ako amawerenga zimene kalemba anapiye akaswa, amafuna kudziwa ngati lamulo lawo linasungidwa. Ndinasowa mtengo wogwira. Ndiye ndinakumbukira zimene unandiuza zija."

Mayi anapitiriza, maso ali pansi.

"Ndinamasula kawaya, ndinazula, ndinawerenga mpaka khumi, ndinabwezera. Ndinabwezera, ndikulumbira! Ndinamva mafani aima, koma ndinati kakudzuka, paja wailesi ya kanema nayo imachedwa kuyaka. Mpunga unali pamoto ukupserera, ndinathamanga. Sindinadziwe kuti ndi kabokosi komweko kamayatsa moto wa mazira. Ine ndinkayesa kuti ntchito yake ndi ukazitape basi."

"Ndiye dzulo munakhala pa sitepe paja, mukumva bambo akumuthamangitsa ngati galu, inu muli chete?"

"Ukanafuna nditani?"

"Munene!"

"Tsitsa mawu!" Anandigwira mkono n'kundikokera pampando wa pafupi nawo. Misozi inali ikutsika, ndipo sinali ya anyezi. "Bambo ako ukuwadziwa. Mng'ono wawo weniweni, wa bere limodzi, anatsegula makina tsiku lolakwika, anafa anapiye thireyi imodzi yokha. Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano sapondana pakhomo. Nanga ine, chipinda chonse? Ndi mlendo amene ndinamulowetsa mobisa, kudzakambirana za mwana wawo iwo kulibe? Ndipita kuti pa msinkhu uno? Mnyamata uja ndi wakunja, akadali wamng'ono, apeza ntchito kwina, apeza mkazi wina. Ine ndili ndi zaka makumi atatu m'nyumba muno."

"Apeza mkazi wina," ndinabwereza. "Mayi, mukudziwa kuti mukunena za ine?"

Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo mwambi umenewo ndinkaumva bwino pamene mkhatewo unali wa eni. Ndinabwera kunyumba nditanola mawu oti ndimulase nawo Jekete. Tsopano ndinali nditakhala moyang'anizana ndi mayi amene anandibereka, ndipo ndinkawakwiyira ndi kuwamvera chisoni nthawi imodzi.

"Jekete akudziwa?" ndinafunsa.

"Akudziwa kuti tinalowa. Za chingwe sakudziwa, koma si wopusa. Dzulo anandiimbira, akuti ndisadandaule, pakamwa pake ndi potseka. Akuti anthu a banja limodzi amasungirana."

Ndiye kuti chete wa Jekete anali ndi mtengo wake, ndipo mtengowo ndinali ine.

Chitseko chinatseguka. Tonse tinadzidzimuka.

Bambo analowa foni ili m'manja, magalasi ali pamphumi. Anayang'ana mayi, anayang'ana mbale ya anyezi, n'kupukusa mutu mwachifundo.

"Mayi ako zawakhudza kuposa ine," anatero. "Usalire, mayi wa mwana. Tidzayambiranso." Anawasisita paphewa, chinthu chimene sachita kawirikawiri pamaso panga, kenako anakoka mpando n'kukhala nafe patebulo.

"Ndakhala ndikuganiza. Mnyamata uja waika tibokosi take kwa alimi ambiri, ndipo ambiri a iwo anamutenga chifukwa ndinamuyamikira ndine. Zikawachitikira zimene zandichitikirazi, mlandu udzakhala wanga. Ndalemba uthenga wopita ku gulu lathu lonse la alimi a nkhuku." Anandikankhira foni. "Maso angawa ndi tizilembo iti sitigwirizana. Werenga, ukonze pamene ndalakwitsa, utumize."

Ndinawerenga. Unali uthenga waufupi, waulemu, ngati mwini wake. Unkati wa mawaya analowa m'chipinda chawo mobisa, anasiya chingwe chosalumikiza, ndipo anakonza kabokosi kake mwadala kuti kasamasunge umboni. Unkalangiza aliyense kuti achotse zipangizo zake sabata isanathe. Pamwamba pankaoneka mayina a anthu a m'gululo, mzere wautali, pafupifupi aliyense amene Kawaya anamugwirirapo ntchito. Bambo anga sananamizirepo munthu moyo wawo wonse, ndipo n'chifukwa chake aliyense akanawakhulupirira.

Pansi pa tebulo, dzanja la mayi linapeza bondo langa n'kuligwira, zala zikulowa m'mnofu.

"Ndikudziwa kuti zikukupweteka, mwanawe," anatero bambo mofatsa. "N'chifukwa chake ndikufuna uwerenge iweyo, usadzati ndinamuchitira nkhanza kumbali. Sindifuna kuipitsa dzina la mwana wa munthu ndi mawu olakwika. Ngati muli bodza ngakhale limodzi m'menemo, undiuze pompano, ndifufuta."

Anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana, akudikira.

"Muli bodza?"